Mwana wa pakona sakuona zomwe tikulemba

Tisanalowe m'nkhani, tiyeni tiyese kanthu kamodzi. Ikani maso pa liwu loyamba la mzere uno, musawasunthe ngakhale pang'ono, ndipo yesani kuwerenga mawu omwe ali kumapeto kwa mzere womwewu. Mukuona kuti alipo. Mukuona kuti inki ndi yakuda, pepala ndi loyera. Koma chilembo ngakhale chimodzi simungachitchule pokhapokha mutabera, n'kusuntha diso. Ambirife timaganiza kuti tikatsegula buku timaona tsamba lonse bwinobwino nthawi imodzi. Si choncho ayi. Timaona bwino kamalo kakang'ono kwambiri komwe talunjikitsa diso, kwina konseko n'chimbuuzi.

Ife amene tikuphunzira zauphunzitsi timathera maola ambiri pa masikimu, mapulani a phunziro ndi luso lofunsa mafunso. Zonsezi n'zofunika. Koma funso loti mwana wakhala pati m'kalasi, ndipo ali pamenepo akuona chiyani pabolodi, timalisiyira mwayi: wofika msanga akhale pabwino, wochedwa adzionere yekha. Ife tikuti kumeneku n'kulakwitsa. Kugawa malo okhala m'kalasi ndi gawo la kuphunzitsa kuwerenga, chimodzimodzi ndi kugawa mabuku, ndipo ena mwa ana amene timawatcha ogona kapena ouma mutu, vuto lawo ndi loti tinawakhazika pamalo pomwe mawu safika ali athunthu.

Maganizowa sitinawatole m'buku. Pa tchuthi chathu chapitachi, atatu mwa ife amene kwathu ndi ku Phalombe tinakadzipereka kuthandiza pa sukulu ina yapulayimale m'munsi mwa phiri la Michesi, popeza iwo anali asanatsekere. Anatipatsa Sitandade 2. Ana anali opitirira 100, onse pansi pasimenti, mizere yake yoyambira kukhoma ili kukafika kukhoma ilo. Madamu a kalasiyo, mayi amene aphunzitsa zaka zambiri kuposa zaka zathu zobadwa, anatilozera mtsikana wina amene ankakhala kutsogolo kwenikweni, pakona ya kuchitseko. "Uyu ndinamuika kutsogolo dala," anatero, "koma palibe chikusintha. Akamawerenga pagulu mumva ngati akutha. Mumuimike yekha muone."

Tinamuimikadi. Pabolodi panali chiganizo chakuti "Amayi amaphika nsima." Iye anati, "Amayi anaphika," n'kuima, n'kuyang'ana pansi. M'kope mwake munali mawu oduka michira, m wosanduka n, a wosanduka u. Pa nthawi yopuma, ana atatuluka, mmodzi wa ife anachita chinthu chomwe sichinali mu pulani: anakakhala pansi pamalo enieni a mtsikanayo, n'kuwerama kuti mutu wake ufanane ndi msinkhu wa mwana. Kenako anatiitana. Kuchokera pamenepo, mbali ina ya bolodi inkanyezimira ndi kuwala kochokera pazenera, choko osaoneka n'komwe. Mbali yakutali, komwe kunali chiganizo chija, zilembo zinali zowonda, zothithikana ngati anthu mu minibasi ya ku Limbe. Ife, anthu a MSCE yathu m'thumba, tinachita kutsinzinira kuti tisiyanitse m ndi n. Ndipo ife tinkadziwa kale chomwe chalembedwa.

Kuti timvetse zomwe zinkachitikira mwanayu, tiyenera kubwerera ku diso lenilenilo. M'kati mwa diso, chakumbuyo, muli kachikopa komwe kamalandira kuwala, ndipo pakati pa kachikopako pali kadzenje kakang'ono kotchedwa fovea. Pamenepa pokha ndi pomwe timaonera tinthu ting'onoting'ono mwatsatanetsatane. Dera lomwe fovea imaona ndi la madigiri pafupifupi 2. Tambasulani mkono, yang'anani chikhadabo cha chala chachikulu: kukula kwake n'komweko. Mukachoka pamenepo kupita m'mbali, mphamvu ya kuona imatsika mofulumira. N'chifukwa chake diso la munthu wowerenga silikhazikika. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1870, dokotala wa maso wa ku France, Louis Émile Javal, analemba kuti diso siliyenda mosalala pamzere monga momwe timamvera, koma limadumpha, n'kuima, n'kudumphanso. Kuima kulikonse kumatenga pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 4 a sekondi, ndipo kuwerenga kumachitika pa kuimako. Podumphapo sitiona kanthu.

Nanga diso likaima, limatola zilembo zingati? Kuyambira mu 1975, George McConkie ndi Keith Rayner a ku America anayankha funsoli pogwiritsa ntchito kompyuta yomwe inkatsatira diso la wowerenga n'kumasokoneza zilembo zonse kupatula zoyandikana ndi pomwe disolo laima. Anapeza kuti munthu wodziwa kuwerenga Chingerezi amapindula ndi zilembo 3 kapena 4 zokha kumanzere kwa pomwe wayang'ana, koma 14 kapena 15 kumanja. Ndipo mwa zakumanjazo, zomwe amazizindikira bwinobwino ndi 7 kapena 8. Zotsalazo zimangomuuza kutalika kwa liwu lotsatira, kuti adziwe poti adumphire. Pa ana oyamba kumene kuwerenga, Rayner anapeza mu 1986 kuti deralo ndi locheperapo, zilembo pafupifupi 11 kumanja.

Chochititsa chidwi n'chakuti kupendekera kumanjaku sitibadwa nako. Mu 1981, Alexander Pollatsek ndi anzake anaonetsa kuti anthu akamawerenga Chiheberi, chomwe chimalembedwa kuyambira kumanja kupita kumanzere, deralo limapendekera kumanzere. Anthu omwewo akatenga Chingerezi limabwerera kumanja. N'chimodzimodzi ndi Chiarabu, choncho mwana wa ku Mangochi amene m'mawa ali kusukulu ya boma, masana kumadrasa, akuphunzitsa maso ake njira ziwiri. Diso limachita kuphunzitsidwa komwe liyenera kuyembekezera mawu, ndipo mphunzitsi wake woyamba ndi ndodo ija timalozera pabolodi.

Palinso china chomwe chinadziwika kale, mu 1952, pamene Mortimer Mishkin ndi Donald Forgays ankaonetsa anthu mawu kwa kanthawi kochepa zedi, ena kumanja kwa pomwe ayang'ana, ena kumanzere. Mawu a Chingerezi oonetsedwa kumanja ankazindikirika bwino kuposa a kumanzere. Chimodzi mwa zifukwa zake n'chakuti zomwe zili kumanja kwa pomwe tayang'ana zimayamba kufika ku mbali ya kumanzere ya ubongo, komwe anthu ambiri amasungako luso la chiyankhulo. Apa tichenjezane, chifukwa mnzathu wina m'kalasi mwathu atamva zimenezi anafuna kusamutsira ana onse kumanzere kwa chipinda kuti bolodi likhale kumanja kwawo. Sizikuyenda choncho. Mwana amatembenuza mutu, ndipo kumanja komwe tikunenaku n'kwa pomwe diso laima, osati kwa chipinda. Phunziro lake ndi lina: kuti liwu lizindikirike, zimadalira pomwe lagwera m'diso. Ngakhale m'kati mwa liwu limodzi muli malo abwino oimapo. Kevin O'Regan ndi anzake ku Paris anaonetsa mu 1984 kuti liwu limazindikirika msanga diso likaima chapakati pake, kupendekera pang'ono kumayambiriro. Likaima kumapeto, nthawi imatalika ndipo kawirikawiri limayenera kuimanso kachiwiri.

Koma chomwe chinatitsegula m'maso kwambiri pa nkhani ya mtsikana uja ndi kuthithikana kwa zilembo. Herman Bouma wa ku Netherlands anafotokoza mu 1970 kuti chilembo chomwe ungachizindikire mosavuta chili chokha m'mbali mwa diso, sungachizindikirenso ukachiika pakati pa zinzake. Sikuti chachepa ayi, koma zoyandikana nazo zimachisokoneza, mizere ya ichi n'kusakanikirana ndi ya icho. Chilembo chikatalikira pakati pa diso, chimafuna mpata waukulu kuti chidziwike. Ndipo zovutika kwambiri ndi zilembo za m'kati mwa liwu, chifukwa zili ndi oyandikana nawo mbali zonse ziwiri. Choyamba ndi chomaliza zimapumako mbali imodzi. Ana aang'ono vutoli limawagwira kwambiri kuposa akuluakulu.

Tsopano taganizirani chiyankhulo chathu. Manambala onse tatchulawa anachokera ku Chingerezi, chomwe mawu ake ambiri ndi aafupi. Chichewa chimamanga chiganizo chonse m'liwu limodzi. "Tikadzakumananso" ndi zilembo 16: wochita, nthawi, tsinde la mneni ndi kubwereza, zonse phatikizo pa phatikizo popanda mpata. Mwana sangalimeze ndi kuima kumodzi kwa diso. Choopsa kwambiri n'chakuti tanthauzo lathu limabisala m'kati, komwe kuthithikana kumaluma. "Anabwera", "amabwera" ndi "adzabwera" amayamba mofanana, amatha mofanana, koma wina ndi dzulo, wina ndi masiku onse, wina ndi mawa. "Kumanga", "kumanja" ndi "kumanda" amasiyana chilembo chimodzi. Ndipo pa bolodi lofumbira, lolembedwa ndi choko chothothoka, a ndi u n'pachibale kwambiri, moti "Agogo apita kumunda" atha kusanduka uthenga wa maliro.

Munthu wamkulu zimenezi sizimuvuta, chifukwa iye sawerenga ndi maso okha. Akaona theka la liwu, ubongo umamalizitsa. Ndi mmene timawerengera uthenga wa pafoni wodzaza ndi zolakwika osadodoma. Mwana wa Sitandade 1 kapena 2 alibe nkhokwe imeneyi. Iye akuphunzira kumene kuti m ali ndi miyendo itatu, n iwiri, ndipo kuti aphunzire ayenera kuiona miyendoyo. Kuyambira mu 2016, boma kudzera mu National Reading Programme, yomwe inayamba mothandizidwa ndi USAID, lakhala likutsindika kuti mwana ayambire pa chilembo ndi kamvekedwe kake, apite pa maphatikizo, kenako mawu. Njirayi ndi yabwino, ndipo ife tikuivomereza. Koma yonse yatsamira pa chinthu chimodzi chomwe sitichiyeza: kuti mwanayo akuchiona chilembocho.

Akapanda kuchiona sanena. Sadziwa n'komwe kuti anzake akuona zosiyana ndi iye. Amachita chomwe mwana wanzeru aliyense angachite: amawerenga ndi makutu. Kalasi ikati "a-ma-phi-ka", iye amatsatira m'mbuyo pang'ono, pakamwa pakuyenda bwinobwino. Kuwerenga pagulu kumene timakukondaku ndi chinsalu chomwe chimaphimba ana otere chaka chonse, mpaka mayeso adzawavundukule.

Tinadabwa kuti kutsogolo si kwabwino konse. Mawa lake tinayeza ndi mapazi. Mtsikanayo ankakhala mamita pafupifupi 2 kuchokera kukhoma la bolodi, ndipo chiganizo chija chinali mamita pafupifupi 4 cham'mbali. Masamu a Fomu 3 akukwanira apa: ngodya yomwe ankayang'anira inali yopitirira madigiri 60, ndipo pa madigiri 60 chilembo chimaoneka theka la m'lifupi mwake. Utali umatsala womwewo, koma m'lifupi mumafinyika, ndipo mipata ya pakati pa zilembo imafinyikanso chimodzimodzi. Ndiye kuti malo ake okhalawo ankapanga okha kuthithikana kuja. Wonjezerani kuti wakhala pansi, akuyang'ana m'mwamba khosi lili chagada, ndiponso kuti mphunzitsi akaima kulemba amamutchingira ndi thupi. Madamu anamuika kutsogolo mwa chikondi, ndipo chikondicho chinamuika pamalo oipa kuposa a mnzake wa mzere wachisanu pakati.

Kumbuyo vuto ndi lina, la mtunda. Chilembo chomwe mwana wa pa mamita 3 akuchiona, wa pa mamita 9 amachiona chochepa katatu. Tchati choyezera maso chomwe Herman Snellen anapanga mu 1862, chija cha zilembo zazikulu pamwamba ndi zazing'ono pansi, chimatiuza kuti diso labwino limazindikira chilembo cha mamilimita pafupifupi 9 pa mtunda wa mamita 6. Koma amenewo ndi malire, pa pepala loyera, inki yakuda, kuwala kokwanira, munthu wodziwa kale zilembo. Kuwerenga momasuka kumafuna zilembo zokulirapo kawiri kapena katatu. Ife aphunzitsi timalemba tili pafupi ndi bolodi ngati kutalika kwa mkono, ndipo malo akayamba kutha kumapeto kwa mzere, zilembo zimanka zichepa, mzere n'kumatsetsereka ngati msewu wotsika ku Fort Lister. Tonse tinazionapo. Ambirife tidzazichita.

Funso lotsatira ndi lomwe limatipweteka: amakhala pakona ndi kumbuyo ndani? Si mwangozi. Ndi amene amafika mochedwa chifukwa kwawo n'kutali, kapena chifukwa anayamba watunga madzi ndi kusesa pabwalo, ndipo ameneyu kawirikawiri ndi mtsikana. Ndi wobwereza kalasi amene wakula thupi, timamuuza apite kumbuyo asatchinge anzake, chonsecho ndi iye amene chaka chatha sanagwire kanthu. Ndi wamanyazi, wa yunifolomu yong'ambika, amene safuna kuonekera. M'masukulu ena muli ndi mwambo wokhazika ana motsata zotsatira za mayeso, nambala wani kutsogolo pakati, womaliza kukhoma. Pamenepo ndiye kuti wokhuta tikumuwonjezera nsima. Ifenso tisadziyeretse. Kusekondale ya mishoni komwe tinaphunzira, madesiki a pakati tinkalimbirana tsiku loyamba la teremu, ndipo wopambana ankakhalapo mpaka chaka kutha. Amene tinali pamenepo tinkadziona ochenjera. Lero tikudzifunsa kuti mwa nzeru zathuzo, zingati zinali za desiki.

Buku nalo lili ndi makona ake. Pomwe buku limodzi likugwiritsidwa ntchito ndi ana atatu kapena anayi, mmodzi yekha, wapakati, ndi amene amaliona molunjika. A m'mbali amaliona chopendekeka, ndipo wina amakhala moyang'anizana nalo, kuliona chadodolido. Kwa ife akuluakulu mawu opendekeka kwambiri amachedwetsa kuwerenga. Kwa mwana amasintha chilembo chenichenicho. Tembenuzani d, asanduka p. Tembenuzani n, asanduka u. Mpando ukautembenuza umakhalabe mpando, ndipo mwana wakula akudziwa choncho za zinthu zonse za padziko. Zilembo zokha ndi zomwe zimaphwanya lamuloli. Tsono timuphunzitse bwanji kuti mbali ndi yofunika pomwe tsiku lililonse akuona tsamba kuchokera mbali ina? Ndipo wogwira buku sasintha: ndi wamphamvu, kapena amene amadziwa kale kuwerenga.

Titawafotokozera madamu zonsezi, ndi changu cha anthu a chaka chachiwiri ku koleji, anatimvetsera mpaka kumapeto. Kenako anatambasula dzanja kuloza chipinda chonse. "Ndamva, ana anga. Nanga ndiwaike kuti? Kudenga?"

Funso limeneli ndi lachilungamo ndipo sitikufuna kulilumpha. Pamene boma la a Bakili Muluzi linachotsa fizi kupulayimale mu 1994, ana olembetsa anakwera kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi, ndipo zipinda sizinakule nawo. Cholinga cha boma ndi ana 60 pa mphunzitsi mmodzi, koma m'makalasi oyambirira a kumudzi chiwerengerocho chimamveka ngati nthano. Ku Phalombe kuno namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 anaonjezera chilonda: madera ngati Nkhulambe anasakazidwa, sukulu zinatsekedwa, zina n'kusanduka misasa ya anthu othawa madzi. Pomwe kalasi ili pansi pa mtengo, kabolodi kotsamiritsa pa thunthu, ana amakazungulira ngati akuotha moto, ndipo a kumapeto kwa chizungulirocho amaona m'mphepete mwa thabwa basi. M'chipinda cha ana 100, wina adzakhala pakona ndithu. Zimenezi sitingazikane.

Chomwe tikukana n'chakuti akhale yemweyo kuyambira Seputembala mpaka Julaye. Pakona pakhale ngati ntchito yosesa: aliyense imufike, ndipo aliyense imuchoke. Lolemba lililonse mizere isunthe, a kukhoma alowe pakati, a kumbuyo abwere kutsogolo. Ena ati zibweretsa chisokonezo, ndipo sabata yoyamba chidzakhalapodi. Koma ana omwewa amadziwa tsiku lawo losesa, amadziwa gulu lawo pa masewera; sangalephere kudziwa mzere wawo. Ena ati aafupi adzatchingidwa ndi aatali. Pamenepo tisunthe cham'mbali kokha, aatali azisinthana okhaokha kumbuyo, koma tizilemba poganizira iwowo.

Palinso otiuza kuti tikutaya nthawi pa kanthu kakang'ono pomwe ana akubwera kusukulu ndi njala, akujomba nyengo ya ganyu, mabuku ndi osakwanira, aphunzitsi ndi ochepa. Zonsezi n'zoona ndipo n'zazikulu kuposa nkhani yathuyi. Sitikunena kuti mwana aliyense wosatha kuwerenga vuto lake ndi malo. Koma njala, zipinda ndi malipiro zikudikira bajeti ya ku Lilongwe. Malo okhala sakudikira munthu. Ndi chimodzi mwa zinthu zochepa zomwe mphunzitsi angasinthe mawa m'mawa popanda kalata yopita kwa a PEA ndiponso popanda tambala.

Zina zonse zikuchokera pa chizolowezi chimodzi, chomwe tikufuna kuti aliyense wa ife, komanso anzathu a ku Phalombe TTC amene adzagwire makalasi ang'onoang'onowa, apite nacho ku ntchito: ukalemba pabolodi, pita ukakhale pomwe pamakhala mwana. Osati kuima kumbuyo manja m'thumba monga timachitira pa tsiku loyesedwa ndi alekichala, koma kukhala pansi, pakona zonse ziwiri za kutsogolo ndi pa mzere womaliza. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ukatero sufunikanso kuuzidwa kuti mawu atsopano a tsikulo alembedwe pakati pa bolodi, m'mbali musiyidwe deti ndi mayina a olongolola. Udzaona wekha kuti zilembo zazing'ono ngati a, m ndi n ziyenera kutalika ngati zala zitatu kapena zinayi zophatikiza, ndiponso kuti mzere wakutsogolo ukabwerera m'mbuyo phazi limodzi kapena awiri, ngodya ija imachepa. Udzayamba kusiya mpata pakati pa zilembo. Mu 2012, Marco Zorzi ndi anzake anapeza kuti ana a ku Italy ndi ku France amene ali ndi vuto lalikulu la kuwerenga ankalakwitsa mochepa atangowatalikitsira zilembo, popanda maphunziro ena apadera. Mpata sugulidwa ku golosale.

Ndodo yolozera nayo iziyenda kunsi kwa liwu, osati pamwamba pa zilembo, kuyambira kumanzere kupita kumanja, phatikizo ndi phatikizo, pa liwiro la diso la mwana osati la pakamwa pa mphunzitsi. Ndipo mwana akaika chala pansi pa liwu m'buku, tisamumenye padzanja. Chalacho chikugwira ntchito yomwe diso silinaizolowere: kuliuza poti liime ndi poti lidumphire. Adzachichotsa yekha nthawi ikakwana, monga amasiyira kugwira khoma akadziwa kuyenda.

Kusinthana malo kuli ndi malire ake. Pali ana amene sayenera kuchoka kutsogolo pakati. Mwana wachialubino ndi mmodzi wa iwo: fovea yake siikhwima mokwanira, maso ake kawirikawiri amagwedezeka, ndipo kuwala kumamuthobwa, choncho amafunika pafupi ndi bolodi, kutali ndi zenera, ndi zilembo zazikulu. Winanso ndi amene saona patali, yemwe mungamudziwe ndi kutsinzinira, kupendeketsa mutu, kapena kukopera m'kope la mnzake m'malo mwa pabolodi. Timamutcha wakuba mayankho, pomwe iye akungobwereka maso. Kumuyesa n'kosavuta: zilembo zingapo pa pepala, mapazi owerengeka, diso limodzi lotsekedwa ndi chikhatho, kenako linalo. Amene walephera pomwe anzake akutha apite kuchipatala cha boma akamuone, ndipo zikavuta kuli chipatala cha maso cha Lions Sight First ku Queen Elizabeth ku Blantyre. Mphunzitsi si dokotala, koma ndi iye amene amakhala ndi mwanayo maola ambiri pa tsiku akuyang'ana chinthu chakutali.

Ambiri mwa ife tikukonzekera kukaphunzitsa kusekondale, ndipo n'kosavuta kuganiza kuti nkhaniyi ndi ya a Sitandade 1. Ayi. Wophunzira wa Fomu 1 akakumana ndi liwu la Chingerezi la sayansi lomwe sanalimvepo, amabwerera pomwe panali mtsikana uja: alibe choti ubongo umalizitsire, ayenera kuona chilembo chilichonse. M'sukulu zambiri zoyendera, notsi za pabolodi ndiye buku lokhalo lomwe ali nalo. Akakopera molakwika ali pakona, adzaloweza cholakwikacho mokhulupirika mpaka tsiku la mayeso a MANEB.

Kwa inu makolo ndi akuluakulu a mpingo amene mumawerenga magazini ino, ambiri mwa inu muli m'makomiti a sukulu ndi m'magulu a amayi oyang'anira atsikana. Teremu ikatha mumafunsa mwana kuti, "Wakhala nambala chani?" Tikupempha kuti teremu ikamayamba muzifunsanso kuti, "Umakhala pati?" Akati pakona kapena kumbuyo, funsani ngati amasinthana. Ndipo komiti ikamakambirana za ndalama zochepa zomwe ili nazo, wina aimirire atchule bolodi. Bolodi lotuwa, lokumbika ndi losalala ngati galasi limaba zilembo za kalasi yonse tsiku ndi tsiku, pomwe chitini chimodzi cha penti wake ndi Lamlungu limodzi la anyamata a mpingo zingalibwezeretse.

Mtsikana uja madamu anamusamutsira mzere wachitatu, pakati. Sitinena kuti mawa lake anayamba kuwerenga nyuzipepala. Zaka ziwiri zowerenga ndi makutu sizitha ndi sabata ziwiri. Chomwe tinaona ndi m'kope mwake: mawu anayamba kufika kumapeto ali ndi michira yake, ndipo m anapezanso mwendo wake wachitatu. Tsiku lathu lomaliza tinamuimikanso yekha. Anawerenga "amaphika" molondola, pang'onopang'ono, chala chili m'mwamba kutsatira ndodo, n'kukakamira pa "ns" wa "nsima" mpaka madamu anamuthandiza.

Pakona paja sipanakhale popanda munthu. Panali mnyamata wina wamng'ono amene tsiku limenelo anafika belu litalira kale, mapazi ali mbuu ndi fumbi. Madamu anationa tikumuyang'ana. "Ameneyo Lolemba asuntha," anatero, akufufuta bolodi.